Mzere Umene Ndinawonjezera M'munsi mwa Kanema

Lonjezo ndi Tiyamike, za ubwana wanga ku Ntchisi ndinazikamba mpaka munatopa nazo, ndiye pano ndizidumpha. Ndikufuna ndikulembereni za ntchito yanga ku Mzuzu, makamaka zaka zitatu zomaliza, chifukwa pali nkhani imene mumaidziwa theka lokha. Mumadziwa kuti mayi anu anapuma ntchito makutu atafa. Simudziwa kuti ndinabisa nthawi yaitali bwanji, ndiponso kuti mwana wa eni anatsala pang'ono kuchotsedwa sukulu chifukwa cha mantha anga.

Chaka choyamba: chipinda cha mataipi

Ndinafika ku Mzuzu mwezi wa Juni ndili ndi satifiketi ya utaipisiti, sutikesi imodzi, ndi kajuzi kopyapyala kamene kwathu ndinkati n'ka nyengo yozizira. Kuzizira kwa kuno kunandichingamira pa depoti pomwe. Anandilemba ntchito pa koleji ina imene nthawi imeneyo inali timidadada tochepa, kuseri kwake kuli tchire ndi mitengo ya paini. Mataipisiti tinalipo anayi. Bwana wathu anali Mayi Nyasulu, mayi wamfupi wa ku Rumphi, amene ankayenda ndi rula m'manja ngakhale sindinawaonepo akumenya nayo munthu. Tsiku loyamba anandifunsa kuti, "Mwawuka uli, mwana wane?" Ine ndinangoti kukamwa yasa. Anaseka, kenako anati, "Palije suzgo, Chitumbuka muphunzira pang'onopang'ono. Koma lamulo la muno muliphunzire lero lomwe. Taipisiti salemba zimene akuganiza, amalemba zimene zilipo. Pamene simukuona bwino, siyani mpata, mukafunse mwini wake."

Ntchito yathu yaikulu inali kutaipa manotsi a malekichara pa masitensulo, kenako n'kukapukusa pa makina kuti ophunzira agawane. Zosowa zinali zosayamba. Riboni ikatha tinkaitembenuza n'kuyambiranso mpaka zilembo zizioneka ngati mizukwa. Mapepala ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo Mayi Nyasulu ankawatsekera m'kabati, kiyi n'kumangirira kunsonga ya chitenje. M'chipinda chimenecho ndinatulukira chinsinsi cha anthu ophunzira kwambiri: ambiri a iwo amaphunzitsa zomwezomwezo chaka ndi chaka. Dokotala Msiska, amene ankaphunzitsa za dothi, ankabwera ndi mapepala omwewo mpaka anasanduka achikasu. Ngakhale nthabwala yawo inali yolemberatu m'mphepete mwa pepala, pamalo pomwepo chaka chilichonse: dothi la makande lili ngati apongozi, likakugwira nsapato silikusiya. Manotsi amenewo ndinawataipa kambirimbiri moti ndikanatha kukalemba mayeso ake n'kukhoza. Kope limodzi la chilichonse ndinkalisunga m'katoni pansi pa desiki, osadziwa n'komwe kuti ndikusungiranji.

Patatha zaka makumi awiri: makompyuta

Koleji inakula ife tikuona. Paini uja anadulidwa, pamalo pake panamera nyumba zosanja, ndipo ophunzira anachuluka mpaka eni nyumba ku Zolozolo, kumene tinkakhala, anayamba kusandutsa makhitchini awo kukhala zipinda za lendi. Msewu umene ndinkayenda ndekha m'mawa unadzaza njinga zamoto za kabaza. Bambo anu anatisiya zaka zimenezo, Tiyamike uli sitandade 3. Kenako kunabwera makompyuta. Malekichara anayamba kudzitaipira okha ndi zala ziwiri ngati nkhuku yojompha chimanga, koma zinkatheka ndithu, ndipo chipinda cha mataipi chinatsekedwa. Mayi Nyasulu anapuma. Anzanga awiri analandira makalata owachotsa ntchito m'maenvulopu a khaki tsiku limodzi, Lachisanu masana. Ndinawaona akutuluka pageti atanyamula makapu awo a tiyi m'jumbo, ndipo kuyambira tsiku limenelo envulopu ya khaki ndinkaiopa kuposa njoka.

Ine ndinapulumuka chifukwa ofesi yothandiza ophunzira aulumali inkasowa munthu wa zala zofulumira. Kumeneko ndinkakulitsa zilembo za manotsi kuti oona movutikira athe kuwerenga, ndipo ndinaphunziranso makina oboola timadontho timene anthu osaona amawerenga ndi zala. Ntchitoyo ndinkaigwira ndi mtima wonse, koma ndinene zoona, chisoni changa chinali chochokera pamwamba. Ndikaona wophunzira wosamva akulankhula ndi manja pakhonde, ndinkamumwetulira n'kumati mumtima, kalanga mwana wa eni, bola ine. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe, koma mwambi umakoma ukamanenera wina.

Chaka cha mliri: makanema

Masukulu atatsekedwa chifukwa cha mliri uja, akuluakulu a koleji anaganiza zoti maphunziro aziyenda pa intaneti. Lekichara ankaima kutsogolo kwa kamera m'kalasi yopanda anthu n'kuphunzitsa, kanemayo n'kuikidwa pa tsamba la koleji kuti wophunzira aonere pafoni kulikonse ali. Woyang'anira zonsezi anali a Gondwe, bambo wa msinkhu wa Lonjezo, wolankhula mothamanga, Chingerezi, Chitumbuka ndi Chichewa mu mpweya umodzi. Anali munthu wabwino, ndipo n'chimene chimandiwawa mpaka lero. Iwo ndi amene anaumirira kuti tsambalo lisasiye munthu kunja. Anaikamo batani lochepetsera liwiro la kanema, lina lokulitsira zilembo, lina loti wosaona azimva mawu ofotokoza zimene zajambulidwa pa bolodi, komanso njira yotsitsira mawu onse a phunziro ngati chikalata kwa amene bandulo yawathera. Pakona ya kanema pankayenera kukhala womasulira chinenero cha manja, koma womasulira tinali naye mmodzi yekha koleji yonse, ndiye zimenezo zinkatheka kamodzikamodzi. Chimene chinkapezeka mu kanema aliyense ndi makapishoni, ndiye kuti mawu a lekichara olembedwa m'munsi mwa chithunzi, akuyendera limodzi ndi pakamwa pake.

"Mayi Kachingwe," anatero a Gondwe tsiku loyamba, "kompyuta taiyesa kuti izilemba yokha, koma yakanika. English ya malekichara athu ikuisokoneza chomene, ndiye akangoponyamo Chitumbuka imalemba zamisala. Tikufuna khutu la munthu. Imwe ndimwe khutu lathu."

Anandipatsa mahedifoni akuluakulu, chopondera choimitsira kanema ndi phazi, ndi pasiwedi yangayanga yolowera m'kati mwa tsambalo. Zinali zitatsala zaka zitatu kuti ndipume, ndipo kwa nthawi yoyamba chitsekedwere chipinda cha mataipi ndinamva kuti ndine wofunika.

Masukulu atatsegulidwa makanema sanathe, chifukwa koleji inali itayamba kulemba ophunzira okhalira kwawo, obwera pasukulu nthawi ya mayeso yokha. Mmodzi wa iwo anali Tawonga, mtsikana wa kufupi ndi Ekwendeni, amene makutu ake anatseka ali wamng'ono atadwala malungo aakulu. Ankaphunzira ndi thandizo la mpingo wina, pa pangano loti akangolephera phunziro limodzi thandizo latha. Tsiku lina analowa mu ofesi mwathu, anayang'anayang'ana, n'kubwera pa desiki yanga. Anatulutsa kope n'kulemba kuti, "Ndinu amene mumalemba mawu a m'munsi?" Ndinagwedeza mutu. Analembanso, "Yewo chomene, amama. Chiyambire sukulu ndinkangoona anzanga akuseka. Za apongozi ndi makande zija ndinaseka nawo." Anang'amba pepalalo n'kundisiyira, ndipo ndinalimata pakhoma pafupi ndi kompyuta.

Chaka chotsatira: nyenje m'khutu

Zinayamba ngati nyenje ikulira m'khutu lakumanzere. Ndinkati ndi chimfine cha Juni, chitha. Kenako kutchalitchi ndinayamba kusuntha benchi imodziimodzi kupita kutsogolo, mpaka amayi anzanga anayamba kundinena kuti ndikufuna udindo. Mumsika waukulu ndinkangoona milomo ikuyenda. Ndinapita kuchipatala mwakachetechete tsiku la Loweruka. Atandiyeza anandiuza kuti lakumanzere lapita, lakumanja likutsatira, ndipo sizibwerera. Za kachipangizo kothandiza kumva anati ndilembetse dzina n'kudikira. Ndinatuluka. Ndinakhala pa benchi panja n'kumaganiza za envulopu ya khaki. Khutu la koleji lafa, ndiye alisungirenji? Pageti tsiku lililonse pankaima achinyamata a madigiri atanyamula makalata ofunsira ntchito, ndipo pachoka mnzako pali malo. Tiyamike unali usanamalize sukulu. Ndinaganiza zongopirira zaka ziwiri zotsalazo osauza munthu, ngakhale inu.

Kubisa ugonthi ndi ntchito yolemetsa kuposa ntchito yeniyeniyo. Munthu akakhala pafupi, m'chipinda mopanda phokoso, akundiyang'ana, ndinkatolako ndithu, theka ndi khutu theka ndi maso. Akangotembenuka, mawu athawa. Ndinaphunzira kuseka ena akaseka, ndi kunena "eya bwana" a Gondwe akakweza nsidze. Lonjezo, ukukumbukira tsiku limene ndinakuperekeza pa depoti ukupita kukayamba ntchito ku Blantyre? Uli pakhomo la basi, utandifulatira, unanena zinazake zazitali ndithu, kenako unacheuka misozi ili m'maso. Ine ndinati, "Eya, mwana wanga, ndamva."

Ku ofesi katoni ija ndi imene inkandipulumutsa. Ndinkatsegula manotsi akale, kuchepetsa liwiro la kanema, kukweza mahedifoni mpaka mutu kuwawa, n'kumayang'anitsitsa milomo ya lekichara. Popeza ambiri ankangobwereza zakale zomwe zija, zinkagwirizana. A Gondwe ankandiyamikira pamaso pa alendo, amvekere, "Mayi awa saphonya ngakhale kutsokomola." Ine ndinkangomwetulira. M'mawa uliwonse pokwera chitunda cha kugeti ndinkadzifunsa ngati lero ndilo tsiku logwidwa.

Epulo wa chaka chachitatu cha makanema: Dokotala afulatira

Kanema amene anandigwetsa anali wa Dokotala Msiska, wonena za katengedwe ka dothi lokayeza. Zonse zinkayenda monga mwa katoni mpaka chakumapeto. Pamenepo Dokotala anatembenukira ku bolodi n'kuyamba kufufuta. Nkhope sinkaoneka, koma ndinkadziwa kuti akulankhula, chifukwa khosi linkagwedezeka ndipo dzanja lamanzere linkaloza m'mwamba monga ankachitira akamatsindika chinthu. M'mahedifoni ndinkangomva ngati munthu akulankhulira mu mgolo. M'manotsi munalibe kanthu pamenepo. Ndinabwereza malowo kakhumi kapena kuposa. A Gondwe anali pa desiki yawo, mapazi asanu kuchokera pamene ndinali. Lamulo la Mayi Nyasulu ndinkalikumbukira bwinobwino: siya mpata, kafunse. Koma ndikanafunsa bwanji? Akanavala mahedifoni, n'kumva mawu omveka ngati belu, n'kundiyang'ana. Ndinadziuza kuti mwina nkhalamba ikungong'ung'udza za choko. Ndinalemba kuti "Akufufuta pa bolodi," n'kutumiza kanemayo pa tsamba.

Patatha milungu iwiri, Lachisanu m'mawa, Tawonga anatulukira pakhomo la ofesi atavala jombo, kakhasu ndi timatumba ta pulasitiki zili m'manja. Anali atabwera kudzalemba mayeso a kumunda, amene pa ndondomeko analembedwa kuti ndi a Lachisanu. Anzake anali atalemba kale Lachitatu, ku dambo la ku Mzilawaingwe. Zimene Dokotala ananena atafulatira zinali zimenezo: tsiku lasintha, chifukwa basi ya koleji ipezeka Lachitatu lokha. Mtsogoleri wa kalasi anakumbutsa anzake pa gulu la pafoni, koma anatumiza uthenga wa mawu, osati wolemba. Lamulo la koleji linali loti wojomba mayeso popanda chifukwa walephera. Dokotala Msiska analemba kalata yoti analengeza mu kanema, ndipo anaikamo mawu enieniwo amene ananena. Tawonga analemba yake yoti m'makapishoni munalibe zimenezo. Nkhani inapita ku komiti, yoti ikhale Lachinayi lotsatira.

Lolemba a Gondwe anaika makalata awiriwo pa desiki yanga. "Mayi, ine ndikuthamangira ku meeting. Tachekani apa, just to be sure. Ine nkhumanya kuti zilimo, imwe simuphonya." Anatuluka. Ndinatsala ndekha ndi kalata ya Dokotala, mawu amene ndinawasowa aja ali pamenepo otaipidwa bwino, pasiwedi ili m'mutu. Ana anga, apa muwerenge mosathamanga. Palibe anandikakamiza. Ndinatsegula kanemayo, ndinachotsa "Akufufuta pa bolodi," ndinakopera mawu a Dokotala m'malo mwake, n'kusunga. Sizinatenge ndi mphindi ziwiri zomwe. Nditakweza maso ndinaona pepala la Tawonga pakhoma, ndipo ndinalimatula n'kuliika m'dirowa. A Gondwe atabwera ndinati, "Zilimo, bwana."

Ndinkadziwa kuti kompyuta imasunga tsiku limene munthu wasintha kanthu, ndipo a Gondwe akanangodina malo amodzi zonse zikanaonekera poyera. Akayandikira desiki yanga mtima unkagunda mpaka ndinkaumva m'khutu lakufa lija. Lachitatu nditaweruka ndinakwera kabaza kupita kwa Mayi Nyasulu, amene ankakhala ndi mwana wawo ku Mzilawaingwe komweko. Sindinawauze kanthu. Tinakhala pakhonde n'kumakamba za anzathu amene anatisiya. Mwadzidzidzi anandigwira chibwano n'kunditembenuzira kwa iwo.

"Mwayamba liti kuyang'ana anthu pakamwa, mwana wane?"

"Ndi kutopa chabe, amama."

"Yayi. Adada anga ankachita choncho makutu atayamba kutseka. Ku ntchito akudziwa?"

Ndinapukusa mutu. Iwo anati, "Ndiye mipata mukuchita nayo bwanji?" Ndinatsanzika n'kubwerera kunyumba.

Lachinayi la komiti

M'mawa wake a Gondwe anandipeza ndisanakhale n'komwe. Womasulira chinenero cha manja anali atapita ku maliro ku Karonga. "Ndiye mutithandize ndimwe," anatero. "Muzitaipa zonse zimene zikukambidwa, zizioneka pakhoma, Tawonga aziwerenga." Ndinafuna kunena kuti m'mimba mwandipotokola, koma anali atanyamula kale laputopu.

Chipinda cha komiti chinali ndi tebulo lalitali, ndipo mvula inkagunda pa malata. Wapampando, mayi wa magalasi amene sindinkawadziwa bwino, anakhala kumapeto kwenikweni. Atatsegula pakamwa sindinamve ngakhale liwu limodzi. Ndinataipa mawu otsegulira mongoganizira, monga imayambira misonkhano yonse. Dokotala Msiska anawerenga kalata yawo, imeneyo ndinali nditailoweza. Kenako anthu anayamba kulankhula molandirizana, uku ndi uku, ena atawerama, ndipo zala zanga zinayamba kutsalira. Pakhoma pankaoneka mawu awiri, mpata, mawu atatu, mpata.

A Gondwe anaimirira n'kuika kanema uja pa sikirini ya pakona. Dokotala wa mu kanema anafulatira, anayamba kufufuta, ndipo m'munsi munatuluka mzere wanga watsopano uja, woyera bwino: mayeso a kumunda asintha, akhala Lachitatu. Anthu anagwedeza mitu. Ine ndinkayang'ana Tawonga. Anawerenga, anatsegula pakamwa, anayang'ana aliyense mmodzimmodzi akupukusa mutu, manja akuthamanga kunena zinthu zimene panalibe wozimva. Analemba m'kope mwake ndi zilembo zikuluzikulu kuti SIZINALIPO, n'kulikweza m'mwamba. Wina anamumwetulira mwachisoni, kumwetulira komwe kuja ine ndinkamwetulira pakhonde. Kenako mtsikanayo anatsitsa kope pang'onopang'ono n'kuyang'ananso pa sikirini, ndipo ndinaona kuti wayamba kudzikayikira yekha. Zimenezo ndi zimene ndinalephera kuzipirira. Ndinali nditamulanda mayeso, tsopano ndinkamulanda ndi maso omwe, chinthu chokhacho chimene ankachidalira.

Wapampando analankhula akundiyang'ana, akuloza khoma, ndipo ndinazindikira kuti akufuna ndimulembere chigamulo. Mawu awo sindinawamve, ndipo panalibe katoni yoti ndiyang'anemo. Ndiye ndinachita chimene ndachita moyo wanga wonse. Ndinataipa, ndipo zinatuluka pakhoma aliyense akuona.

"Mtsikanayu akunena zoona. Mzere umenewo ndinauwonjezera Lolemba. Poyamba sindinaulembe chifukwa sindinaumve. Makutu anga anafa chaka chatha, ndipo zimene mwakamba muno sindinamve chilichonse."

Sindikudziwa ngati m'chipindamo munati zii kapena munabuka phokoso, kwa ine zonse zinali chimodzimodzi. Ndinangoona a Gondwe akukokera laputopu kwa iwo, akudina malo aja, nkhope n'kugwa. Dokotala Msiska anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo. Tawonga sanandiyang'ane, ankangowerenga mizere inayi ija mobwerezabwereza.

Miyezi yotsiriza

Tawonga analemba mayeso ake yekha sabata yotsatira, Dokotala atamutengera ku dambo pa galimoto yawo. Envulopu ya khaki imene ndinaiopa zaka zonse zija inabwera ndithu. Anandiimitsa mwezi umodzi, anandilanda pasiwedi, ndipo m'failo yanga, imene inali yoyera kuyambira nthawi ya masitensulo, munalowa kalata yonena za kusintha zolembedwa mwachinyengo. Mawu amenewo ndi oona, sindinawatsutse. Ntchito sanandichotse. Nditabwerera a Gondwe anandiika pa desiki ya pakona n'kundilembera pa pepala ntchito yatsopano: kuonera kanema aliyense asanatuluke, popanda mahedifoni, n'kulemba paliponse pamene munthu wosamva angasochere. Makanema onse amene ndinalemba chaka chimenecho anawapatsa munthu wina kuti awabwereze, ndipo anapezamo mipata ina yambiri imene ndinkaikwirira. Analamulanso kuti chilengezo chilichonse chizilembedwa pa tsamba, ndipo malekichara asamalankhule atafulatira kamera. Koma nthabwala zawo ndi ine zinathera pomwepo. Ankandipatsa moni waulemu, basi. Tsiku lotsanzikana anandilembera kuti, "Mukanandiuza, tikanapeza njira tsiku lomwelo." Zinandiwawa kwambiri chifukwa ndikudziwa kuti sankanama.

Tawonga ndikamuona patali nthawi ya mayeso ndinkakhota njira. Tsiku lina tinakumana maso ndi maso pa masitepe a laibulale, popanda kothawira. Ndinapempha kope lake n'kulemba kuti pepa, ndinkaopa kuchotsedwa ntchito. Anawerenga, anandiyang'ana, n'kulemba pansi pake kuti, "Munkaopa ntchito, kapena munkaopa kukhala ngati ine?" Ndinagwira cholembera nthawi yaitali osalemba kanthu. Iye anachilanda n'kuchiika m'thumba. Kenako anatenga dzanja langa lamanja, anapinda zala zanga, n'kundionetsa mmene amanenera ndi manja kuti sindinamve, bwerezani. Anandibwerezetsa katatu mpaka ndinakhoza. Sanamwetulire, ndipo ngati anandikhululukira akudziwa yekha.

Tsopano ndili kuno ku Zolozolo. Kachipangizo kaja kanabwera, kamathandiza pang'ono kukakhala kulibe mvula. Maulaliki ndimaonera pafoni, a mawu m'munsi okhaokha, ndipo wolembayo akadumpha malo ndimamukalipira ndekha m'nyumba ngati kuti ine ndinali woyera. Tiyamike, ukamaimba foni ine n'kumangoti eya, eya, dziwa kuti theka likundidutsa, ndiye uzindilembera. Lonjezo, zimene unanena pakhomo la basi tsiku lija sindinamve ngakhale liwu limodzi, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikuopa kukufunsa. Umenewo wokha ndi mpata umene sindinaukwirire ndi zongoganiza, ndausiya choncho chifukwa mwini wake ndiwe. Ukabwera pa Khirisimasi udzanenenso, utandiyang'ana.